Zimbale zomwe zinawoloka Zambezi

Ku Josina Machel, mumzinda wa Tete, dzuwa likalowa, kutentha sikulowa nalo. Makoma ndi phula la mumsewu zimakhala zikadalavula moto womwe zamwa usana wonse, choncho anthu amatulutsa mipando pabwalo, ena n'kupita pa baraka pomwe pali chakumwa chozizira ndi sipika. Pamalo otere ndamvapo kosawerengeka mkangano womwe sukalamba: pa zimbale zonse zomwe zatuluka kuyambira masiku a nkhondo, chachikulu n'chiti? Bambo wa ku Angónia amaima nji pa Lucius Banda. Mnzawo wokulira ku Changara, chakufupi ndi malire a Zimbabwe, safuna kumva dzina lina koma la Leonard Dembo. Mnyamata wa ku yunivesite amawauza mwaulemu kuti madala akungokumbukira unyamata wawo, chimbale chenicheni ndi cha Azagaia. Chinyungwe, Chichewa ndi Chipwitikizi zimalowana m'chiganizo chimodzi, ndipo anthu amabalalika usiku popanda wogonja.

Kumaiko a azungu mkangano wotere amaulemba m'magazini. Rolling Stone ya ku America inasindikiza mndandanda wa zimbale 500 mu 2003, n'kuika Sgt. Pepper's Lonely Hearts Club Band cha The Beatles pamwamba. Itaukonzanso mu 2020, pamwamba panakhala What's Going On cha Marvin Gaye. M'zimbale zonsezo mulibe ngakhale chimodzi cha ku Mozambique, Malawi, Zambia kapena Zimbabwe. Zimenezo sizindisowetsa tulo, poti iwo ankawerenga zomwe zinafika m'makutu mwawo. Chomwe chimandikhudza n'chakuti ifenso tinali ndi mndandanda wathu, wokhwima ndithu, koma palibe anaulemba papepala. Unapangidwa ndi msewu, mabatire ndi makaseti omwe ankatha ndi kuimba, ndipo anthu omwe amaudziwa pamtima akuyamba imvi.

Bairo la Josina Machel lili pakati pa mzinda wa Tete, kufupi ndi mtsinje. Dzinali ndi la mtsikana wa Frelimo yemwe anamwalira ku Dar es Salaam pa 7 Epulo 1971 ali ndi zaka 25 zokha, tsiku lomwe mpaka lero ndi la amayi m'dziko muno. Chapafupi pali mlatho wa Samora Machel, wolenjekeka pa zingwe, womwe unatha kumangidwa mu 1973. Kwa zaka makumi anayi malole ochokera ku Harare kupita ku Blantyre ankadutsa pamenepo, mpaka mlatho wa Kassuende utatsegulidwa mu 2014. Kuchokera pano kufika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 230, ku Harare sakwana 400, koma ku Maputo, likulu la dziko lathu lomwe, ndi oposa 1,500. Makutu a anthu a ku Tete anazolowera msanga kuti nyimbo za anansi zimafika mmawa, za kulikulu zimafika madzulo.

Chimbale chisanabwere, dera lino linali kale ndi nyimbo zomwe zinayenda mtunda wautali. Anyungwe ali ndi nyanga, gule wa zitoliro. Amuna amaima mozungulira, aliyense atagwira timizitoliro tingapo tomangidwa pamodzi. Amawuzira, n'kumatulutsa liwu la pakhosi pakati pa kuwuzirako, mapazi akuponda nthaka, maseche akulira m'miyendo. Palibe amene ali ndi nyimbo yonse. Aliyense ali ndi kachidutswa kake, ndipo nyimbo imamveka pokhapokha onse atalumikizana. Andrew Tracey anadzaumva guleyu m'midzi ya kufupi ndi Tete ndipo analemba za iye mu 1971. Kalimba ka kuno nakonso kanayenda. Bambo wina wa ku Zimbabwe, Jege Tapera, anakaphunzira m'dera la Tete, n'kukakaphunzitsa pa sukulu ya Kwanongoma ku Bulawayo chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Dumisani Maraire anapita nako ku Seattle mu 1968, ndipo lero ku America kuli anthu oimba chida chomwe amachitcha nyunga nyunga, dzina lomwe ife timamvamo Nyungwe.

Liwu loti chimbale lenilenilo linachokera ku mbale zakuda za galamafoni zomwe amuna obwera ku Joni, ku Salisbury ndi ku migodi ya Wankie ankanyamula m'masutikesi, atazikulunga m'bulangete kuti zisasweke. Mbale imodzi inali ndi nyimbo ziwiri, ina kumaso ina kumbuyo. M'zaka zotsatira ufulu wa mu 1975, nyumba zambiri zinali ndi kawailesi ka Xirico, monga a ku Malawi anali ndi Nzeru, ndipo wailesi imakupatsa nyimbo imodziimodzi monga wasankhira woulutsa. Kumva ntchito yonse ya woimba mmodzi, kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza m'dongosolo lomwe iye mwini anafuna, kunabwera ndi kaseti. Ndipo kuno kaseti inabwera pamodzi ndi nkhondo.

Chapakati pa zaka za m'ma 1980 mzinda wa Tete unali ngati chilumba. Kumidzi kunali asilikali a Renamo, ndipo njanji zopita ku Beira ndi ku Nacala zitadulidwa, katundu wambiri wa Malawi ankadzera msewu wa Nyamapanda, Tete, Zóbuè. Malole ankayenda pamdipiti, asilikali a Zimbabwe atawazinga kutsogolo ndi kumbuyo. Madalaivala ndi asilikaliwo ankaima mumzinda muno, ndipo mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa: anabwera ndi nyimbo za sungura. John Chibadura ndiye anayamba kugwira mitima. Anabadwira ku Zimbabwe, koma makolo ake anali a ku Mozambique omwe anapita kukagwira ntchito, ndipo anthu kuno ankamutenga ngati mwana wawo yemwe wangokulira kwina. Chinyungwe ndi Chishona n'zapachibale, kotero munthu wa pa msika wa Kwachena sankafuna womasulira kuti amve dandaulo la mwana wamasiye kapena la mkamwini yemwe apongozi amulipiritsa malowolo opitirira muyeso.

Kenako mu 1991 kunabwera Chitekete cha Leonard Dembo, chomwe ku Zimbabwe kokha chinagulidwa makope oposa 100,000. Nyimbo yomwe inapereka dzina ku chimbalechi imapitirira mphindi khumi, ndipo gitala ya Dembo sithamanga. Imayenda pang'onopang'ono, n'kubwerera pomwe inadutsa kale, ngati munthu wofunsira mbeta yemwe sakufuna kuti ulendo wopita kuchitsime uthe. Bambo wa ku Changara uja akamati palibe chimbale china, sakunama. Chinafika chaka chomaliza nkhondo isanathe, ndipo ambiri anakwatira nacho mtendere utangobwera. Dembo anamwalira mu 1996, Chibadura mu 1999, onse asanakwane zaka 45.

Ine nyimbo zanga zoyamba sindinazimvere mumzinda muno. Kwathu ku Angónia kuthawa nkhondo kunali kungowoloka msewu, poti pakati pa Ntcheu ndi Dedza msewu waukulu wa M1 ndiwo malire m'malo ambiri. Ena anapita ku Mwanza, ena ku Nsanje, ena ku Ukwimi ku Zambia. Pofika 1992 ku Malawi kunali anthu a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi. Tinakula tikumva MBC, yomwe nthawi imeneyo inali ndi nyumba imodzi yokha youlutsira mawu, ndipo woimba aliyense ankadziwa kuti pali mawu omwe angamusowetse. Tinamva Robert Fumulani ndi Likhubula River Jazz Band, Allan Namoko ndi banjo yake, ndi abale a Kachamba a ku Chileka. Koma makaseti omwe amalume anga ankasunga m'katoni pansi pa bedi anali a ku Balaka. Paul Banda anayambitsa Alleluya Band mu 1978 pansi pa mpingo wa Katolika, ndipo situdiyo yake ya Imbirani Yahwe inasandutsa tauni yaing'onoyo kukhala likulu la zimbale. Kuchokera m'khola limenelo munatuluka mng'ono wake Lucius, Charles Nsaku, Mlaka Maliro, Billy Kaunda ndi ena. Rege yawo inali yofewa, ya kiyibodi, yoti agogo angavine osatopa, koma mawu ake anali olemera.

Pangano la mtendere linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Pakati pa 1993 ndi 1995 anthu anabwerera, ena pa malole, ena wapansi, atasenza miphika, nkhuku, makasu ndi wailesi ya kaseti. Anabwera ndi ana odziwa Chichewa cha kusukulu koma osadziwa Chipwitikizi ngakhale pang'ono. Ambiri mwa anawo pambuyo pake anatsikira ku Tete kudzafuna sukulu ndi ntchito, n'kudzaza Matundo, Chingodzi ndi zipinda za kuseri kwa nyumba za ku Josina Machel. Zaka zomwezo Malawi nayenso ankasintha: riferendamu ya mu Juni 1993, chisankho cha mu Meyi 1994, ife tisanavote mu Okutobala chaka chomwecho. Lucius Banda anajambula Son of a Poor Man ku Johannesburg mu 1993, ndipo nyimbo yake ya Mabala inanena poyera za zipsera zomwe ulamuliro wa chipani chimodzi unasiya pa anthu. Iye ankaimba za Malawi. Koma amayi omwe anabwerera n'kupeza mudzi utasanduka tchire, manda osadziwika, munda woopa kuupondamo chifukwa cha mabomba okwiriridwa, anamva kuti akunena za iwo. Down Babylon ndi Cease Fire zitatsatira, dzina lake loti Soja linali litakhazikika mbali zonse ziwiri za malire. Pano ndi pomwe ndimasiyana ndi anzanga ena a ku Malawi omwe amati zimbale zoyambirirazi zinali za ndale za kwawo basi. Kuno tinalibe woimba m'chilankhulo chathu yemwe akanatilirira maliro a zaka 16 za nkhondo, ndiye tinabwereka wa anansi.

Nanga popanda magazini, chimbale ankachiyeza bwanji? Muyeso woyamba unali mbali yachiwiri ya kaseti. Oimba ambiri ankaika nyimbo zabwino kumbali yoyamba, yachiwiri n'kungodzazamo. Kaseti yotere inkadziwika msanga, chifukwa ikafika kumapeto mwini wake sankaitembenuza koma ankaitulutsa, n'kulowetsa cholembera pabowo, n'kumaizunguza m'mwamba kuti ibwerere poyambira. Sankaibweza ndi wailesi poopa kutha mabatire, omwe anali okwera mtengo ndipo ankayanikidwa padzuwa kuti apezeko mphamvu pang'ono. Chimbale chomwe anthu ankachitembenuza osakhudza cholembera, chimenecho ndicho chinali chimbale. Muyeso wachiwiri unali kutha kwa tepi. Kuno mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo kaseti yoiwalika pa dashibodi ya chapa (minibasi) inkapindika ngati chikopa chouma. Yokondedwa inkatambasuka, mawu n'kuyamba kugwedera, kenako wailesi n'kuitafuna. Mwini wake ankaitsegula ndi mpeni, n'kudula pomwe yatafunidwa, n'kulumikiza ndi utoto wa m'zikhadabo wa mlongo wake. Ikafika poti siingalumikizikenso, ankapita kukagula ina ya chimbale chomwecho. Ogulitsa makaseti ankadziwa bwino zimbale zomwe munthu mmodzi amagula kawiri kapena katatu, ndipo mndandanda weniweni unali m'mitu mwawo.

Panalinso muyeso wa kubwereka. Kaseti wamba ukabwereketsa inkabwera mawa lake. Yabwino inkapita kwa msuweni, kuchoka apo kwa mlamu wa msuweniyo, mpaka unkakaimva ikulira pa ukwati ku Moatize, dzina lako lili lolembedwa ndi cholembera pachikuto. Ndi muyeso wa dalaivala wa chapa, yemwe kuchokera ku Tete kufika ku Ulónguè ankatha kuimba kaseti imodzi ulendo wonse popanda wokwera ngakhale mmodzi kudandaula.

Kwa anansi kunali ziwerengero. Ku Limbe sitolo ya O.G. Issa inkatenga nyimbo kwa oimba, n'kuchulukitsa makaseti, n'kuwagawa kwa mavenda m'dziko lonse, ndipo bungwe la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, linkamata kachizindikiro pa kaseti yovomerezeka. N'chifukwa chake zimadziwika kuti Tigwirane Manja cha Joseph Nkasa chinadutsa makope 200,000. Ku Harare, Gramma Records ndi ZMC zinkawerenga zawo. Koma kaseti ikangowoloka pa Zóbuè kapena pa Cuchamano inkatuluka m'mabuku. Imodzi yeniyeni inkabala makumi okopera pa wailesi ya zitseko ziwiri, chikuto chake chojambulitsa pa makina, ndipo woimba sankaonapo ngakhale tambala. Ichi n'chipsera pa mbiri yathu ndipo sindichibisa: tinawakonda anthu amenewa, tinalira ndi kuvina nawo, koma sitinawalipire. Rádio Moçambique inayambitsa mpikisano wa Ngoma Moçambique mu 1987, koma umenewo umasankha nyimbo ndi oimba, osati zimbale, ndipo kwa nthawi yaitali mayina omveka kwambiri anali a kummwera.

Zaka za 1999, 2000 ndi 2001 ndizo zinali pachimake. Oliver Mtukudzi anatulutsa Tuku Music mu 1999. Chaka chomwecho ku Chileka kunatuluka Kuimba 1 cha Evison Matafale, ndipo aliyense wozolowera rege ya ku Balaka anamva nthawi yomweyo kuti ichi n'china. Besi inali yolemera, liwu lopyapyala koma lolasa, Chichewa chake chodzaza Baibulo ngati cha mlaliki yemwe wathamangitsidwa m'tchalitchi n'kukalalikira pamsika. Matafale sankasangalatsa womvera. Ankamufunsa mafunso. Kuimba 2 chinatuluka mu 2001, ndipo chakacho chisanathe anamangidwa chifukwa cha kalata yodzudzula boma, n'kumwalira ali m'manja mwa apolisi pa 27 Novembala ali ndi zaka 32. Ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika. Abale ake a Black Missionaries anapitiriza kuwerenga, Kuimba 3, Kuimba 4 mpaka m'tsogolo, ngakhale Musamude Fumulani atamwalira mu 2007. Zimbale zawo n'zabwino, zina n'zokoma kuvina kuposa ziwiri zoyambazo, koma moto wa munthu wodziwa kuti masiku ake ndi ochepa uli mu Kuimba 1 ndi Kuimba 2 basi.

Pakati pa ziwirizo, mu 2000, panabwera Simbaradzo cha Alick Macheso. Macheso anabadwa mu 1968 ku Shamva, m'mafamu momwe munadzaza anthu ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique, ndipo bambo ake anali a ku Malawi. Anakulira m'gulu la Khiama Boys pansi pa Nicholas Zakaria, nayenso wa magazi a ku Malawi, asanayambitse Orchestra Mberikwazvo. Chomwe anachita n'kutenga gitala ya besi, yomwe kale inkangoperekeza kumbuyo, n'kuiika patsogolo kuti iziyankhula. Pa Simbaradzo pali nyimbo ya Mundikumbuke, ya m'Chichewa, Chichewa cha m'mafamu a ku Zimbabwe chomwe chili ndi kafungo ka Chishona. Pa baraka za ku Josina Machel chinachitika chinthu chomwe sindinachionenso ndi chimbale china: wa ku Changara ankati n'chake chifukwa ndi sungura, wa ku Angónia ankati n'chake chifukwa mnyamatayo akuimba chilankhulo cha kwawo, Mnyungwe wa mumzinda ankamva zonse ziwiri. Ana ankapikisana kuvina Borrowdale pafumbi, miyendo ikuthamanga ngati mahatchi a pa bwalo la mjaha la ku Harare lomwe linapereka dzinalo.

Mukandipanikiza kuti nditchule chimodzi, ndimati cha mzinda wa Tete ndi Simbaradzo, chifukwa ndicho chinanena zoona za ife: anthu a pamsewu, omwe agogo awo anapita kukalima fodya wa azungu ku Rhodesia, makolo awo anathawira ku Malawi, ndipo iwo amakhala pakati. Koma cha mtima wanga ndi Kuimba 1, ndipo pambuyo pake Son of a Poor Man. Chitekete ndimachipatsa ulemu wa mkulu wobadwa kale.

Wina adzafunsa kuti nanga za dziko lathu lomwe zili kuti. Zilipo, ndipo n'zazikulu. Orchestra Marrabenta Star de Moçambique, momwe munali Wazimbo ndi Mingas, inatulutsa Independance mu 1989 kudzera ku kampani ya Piranha ya ku Germany. Eyuphuro ya ku Nampula, ndi liwu la Zena Bacar, inatulutsa Mama Mosambiki mu 1990 kudzera ku Real World ya Peter Gabriel. Ghorwane, anyamata omwe pulezidenti Samora Machel ankawakonda ngakhale ankaimba zodzudzula, anatulutsa Majurugenta ku kampani yomweyo mu 1993, chaka chomwe mmodzi wa iwo, Zeca Alage, anaphedwa. Munthu wolemba mndandanda wa zimbale za Mozambique ali ku London kapena ku Lisboa angayambire pa zitatu zimenezi, ndipo sangalakwe. Koma zinali zimbale za CD zogulitsidwa ku Ulaya, zoimbidwa m'Chichangana, Chironga ndi Chimakhuwa. Ife nyimbo zake tinkazimva pa wailesi imodziimodzi. Kupeza chimbale chonse cha Ghorwane pa msika wa kuno kunali kovuta kuposa kupeza cha Lucky Dube, yemwe Slave cha mu 1987 ndi Prisoner cha mu 1989 zinali m'nyumba iliyonse yokhala ndi mnyamata. Oyandikira kwa ife anali Massukos a ku Lichinga, omwe Kuimba kwa Massuko cha mu 2001 chinaonetsa kuti anthu a kumpoto angaimbe m'Chiyao ndi m'Chinyanja dziko lonse n'kuvina. Mtsogoleri wawo, Feliciano dos Santos, analandira mphoto ya Goldman mu 2008 chifukwa chogwiritsa ntchito nyimbozo pophunzitsa za madzi aukhondo ndi zimbudzi m'midzi ya ku Niassa.

Chimbale cha ku Maputo chomwe chinafikadi kuno chathunthu, n'kugwira achinyamata, ndi Babalaze cha Azagaia cha mu 2007. Anaimba m'Chipwitikizi, chilankhulo chomwe ana a omwe anathawa nkhondo aja tsopano ankachidziwa bwino kuposa makolo awo, ndipo anatchula zinthu ndi mayina ake: katangale, umphawi, mbiri yophunzitsidwa mopotoka. Cubaliwa chinatsatira mu 2013. Atamwalira pa 9 Malichi 2023, achinyamata anatuluka m'misewu ya mizinda ingapo kukamulira, ndipo ku Maputo apolisi anawabalalitsa ndi utsi wokhetsa misozi. Mnyamata wa ku yunivesite uja akamakangana ndi madala, akunena chinthu chomwe iwonso anachimva mwa Lucius ndi Matafale, kungoti aliyense anachimva m'chilankhulo cha unyamata wake.

Pali mbali ina yomwe imandisautsa m'bairo lotchedwa dzina la mkazi. Pa baraka amakangana ndi amuna, ndipo amatchula amuna anzawo. Koma amayi anali ndi mndandanda wawo, womwe unkamveka Loweruka mmawa pochapa ndi Lamulungu pochokera kutchalitchi: Ethel Kamwendo Banda, Grace Chinga, Charles ndi Olivia Charamba, makwaya a Katolika, ndipo pa ukwati Memeza cha Brenda Fassie. Tikanawerenga maola omwe kaseti inalira m'nyumba, ndikhulupirira zimbale za nyimbo zauzimu zikanagonjetsa zonse zomwe ndatchula pamwambapa. Ndipo pali zina zomwe sizingalowe pa mndandanda uliwonse chifukwa sizinakhalepo chimbale cha pamsika. Nyanga ija inajambulidwa ndi akatswiri ofufuza, ndipo zojambulazo zikusungidwa ku International Library of African Music ku Makhanda, ku South Africa. Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005 ngati chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia. Oimba a Chinyungwe ankamveka pa wailesi ya Rádio Moçambique ya kuno, koma mzinda uno unalibe Balaka wake kapena O.G. Issa wake woti achulukitse makaseti awo n'kuwatumiza kutsidya. Mlatho unalowetsa zimbale zambiri kuposa zomwe unatulutsa.

Malasha atayamba kukumbidwa ndi kampani ya Vale ku Moatize mu 2011, Tete anadzaza alendo, mahotela ndi magalimoto, lendi n'kukwera mpaka ena a ku Josina Machel anasamukira kutsidya. Zaka zomwezo kaseti inafa, CD inakhala kanthawi kochepa, kenako kunabwera fulashi ndi memore khadi. Mnyamata wokhala ndi kompyuta pansi pa ambulera amakuikira nyimbo mazana angapo pa mametikali ochepa, zosakanikirana: pandza ya Ziqo, Mr. Bow, kizomba ya ku Angola, Jah Prayzah, Yo Maps wa ku Zambia, Namadingo, amapiano. Nyimbo zabwino sizinathe, ndipo mwana wa lero amamva zambiri kuposa zomwe ife tinamva. Chomwe chinatha ndi kukhala ndi woimba mmodzi kwa ola lathunthu, kudziwa kuti nyimbo iyi ikatha kubwera iyo, mpaka khutu limayamba kuiimba isanayambe. Nthawi ya chimbale kuno inali yaifupi, zaka makumi awiri ndi pang'ono, kuchokera pa mdipiti wa malole kufika pa sitima za malasha.

Lucius Banda anamwalira ku South Africa pa 30 Juni 2024. Sabata imeneyo ndinapita kwa mnyamata woika nyimbo m'mafoni yemwe amakhala pafupi ndi kwathu, ndipo ndinapeza pali kale bambo wina wachikulire, atavala yunifomu ya ulonda, akufuna Cease Fire. Mnyamatayo anali nazo nyimbo za Lucius zoposa zana mufoda imodzi, zopanda dongosolo, ndipo anati aziika zonse pamtengo womwewo. Bambowo anakana. Anati akufuna chimbale chimodzicho, monga chinalili pa kaseti. Mnyamatayo anati: "Pepani madala, ine sindidziwa kuti iyambe ndi iti." Bambowo anakoka benchi, n'kukhala, n'kutseka maso. Anayamba kung'ung'udza mathero a nyimbo yoyamba kuti yachiwiri imubwerere, akaipeza n'kutchula dzina, mnyamatayo n'kuifufuza n'kuilemba nambala. Atafika pakati anaima, n'kutembenuza chikhatho chake m'mwamba monga tinkatembenuzira kaseti, n'kupitiriza ndi mbali yachiwiri.